Kagalu ka Makutu Aatali M'chigwa cha Shire: Mafunso a Omvera ndi Mayankho Ake

Cavalier King Charles Spaniel ndi mtundu wa agalu ang'onoang'ono ochokera ku England. Akakula amalemera makilogalamu 6 mpaka 8, ndipo msinkhu wake kuchoka pansi kufika paphewa ndi masentimita 30 mpaka 33, moti munthu amamunyamula m'manja mosavutikira. Ali ndi maso aakulu obulungira, ubweya wautali wosalala, ndi makutu olendewera mpaka kupitirira masaya. M'Malawi muno agaluwa ndi osowa, koma chiyambireni anthu kupita ndi kubwera ku South Africa, tiagalu ta m'nyumba tayamba kufika ndi m'madera akutali ndi tauni. Makalata a sabata ino achokera kwa Chapananga ndi madera oyandikana nako. Ambiri akufunsa za kagalu kameneka, ndipo ena akukhudzanso agalu achikuda amene ali pafupifupi pakhomo lililonse.

FUNSO. Mayi wina wa ku Kakoma walemba kuti: "Mwana wanga ali ku Joni ndipo akuti pobwera pa Khirisimasi andibweretsera kagalu kameneka. Ine ndimakhala ndi adzukulu atatu. Kodi sikadzawaluma? Nanga usiku kangathe kulondera pakhomo?"

YANKHO. Pa za adzukulu, mayiwa asade nkhawa. Galu wa mtunduwu amadziwika ndi kufatsa. Sakonda ndewu, amazolowera anthu msanga, ndipo amasewera bwino ndi ana. Chofunika kuyang'anira kwenikweni ndi anawo kuti asamupweteke, chifukwa mafupa ake ndi aang'ono ndipo akagwetsedwa kapena kukokedwa makutu amavulala. Komabe galu aliyense, ngakhale wofatsa chotani, amaluma akamva ululu kapena akalandidwa chakudya, choncho mwana wokwawa asamasiyidwe yekha ndi galu.

Pa za ulonda, yankho ndi lakuti sangathe. Amauwa pang'ono akamva mgugu kunja, koma wobwerayo akafika amamulandira ndi kugwedeza mchira, kaya ndi mbale kaya ndi wakuba mbuzi. Anthu anamuweta kuti azikhala pamiyendo pa mwini wake, ndipo n'chifukwa chake sapirira kusungulumwa. Akatsekeredwa yekha tsiku lonse anthu ali kudimba, amalira, amakanda chitseko ndi kutafuna chilichonse chimene wapeza. Sangagonenso panja, poti fisi kapena agalu anzake aakulu angamuphe mosavuta. Makolo ake akale anali agalu osakira mbalame, ndipo mtima umenewo sunathe: amathamangitsa anapiye ndi nkhunda ngati sanaletsedwe adakali wamng'ono. Amamva msanga akamaphunzitsidwa ndi mawu ofatsa ndi kachakudya pang'ono. Ndodo imangomudzaza mantha.

Mwana wa mayiwa adziwenso kuti galu saoloka malire mwachisawawa. Pamafunika chilolezo cha nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto, pamodzi ndi chiphaso cha dokotala wa ziweto chosonyeza kuti galuyo ndi wathanzi ndipo analandira katemera wa chiwewe.

FUNSO. Mphunzitsi wina wa ku Gaga akufunsa kuti dzina la mfumu linabwera bwanji pa galu, ndiponso ngati mtunduwu ndi wakale.

YANKHO. Tiagalu ta makutu aatali tinkawetedwa m'nyumba za mafumu ndi anthu olemera a ku Ulaya kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo timaoneka pa zithunzi zimene anajambula akatswiri monga Titian ndi Anthony van Dyck. Mfumu Charles II, imene inalamulira England kuyambira 1660 mpaka 1685, inkatikonda kwambiri moti sinkasiyana nato. Samuel Pepys, amene ankagwira ntchito m'boma nthawi imeneyo, anadandaula m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku kuti mfumuyo inkasewera ndi galu wake nkhani za dziko zili m'kati. Banja lolemekezeka la Marlborough, ku nyumba yawo ya Blenheim, linkaweta tiagalu ta mawanga oyera ndi ofiirira, ndipo maonekedwe amenewo mpaka lero amatchedwa Blenheim. Pali maonekedwe enanso atatu: wofiira thupi lonse, wakuda wa mawanga ofiirira, ndi wa mitundu itatu, kuda, kuyera ndi kufiirira.

M'zaka za m'ma 1800 zokonda za anthu zinasintha. Oweta anayamba kufuna agalu a mphuno yophwatalala ndi mutu wobulungira, ndipo pang'ono ndi pang'ono kagalu ka mphuno yotalikirapo ka pa zithunzi zakale kanatsala pang'ono kutheratu. Mu 1926 munthu wina wa ku America, Roswell Eldridge, analonjeza mphoto ya mapaundi 25 pa chionetsero cha agalu cha Crufts ku London kwa amene angabweretse agalu ofanana ndi akalewo. Oweta ochepa anayamba kusankha ana agalu a mphuno yotalikirapo, amene poyamba ankaonedwa ngati olakwika. Mu 1928 anakhazikitsa kalabu yawo n'kulemba maonekedwe oyenera a mtunduwu potengera galu wina wotchedwa Ann's Son. Bungwe la Kennel Club linavomereza Cavalier ngati mtundu wapaokha mu 1945. Choncho lero pali mitundu iwiri ya mayina ofanana: King Charles Spaniel wa mphuno yaifupi, ndi Cavalier King Charles Spaniel amene ndi wokulirapo pang'ono.

Mbiriyi ndiyo muzu wa mafunso a zaumoyo amene akubwerawa. Mtunduwu unayambira pa agalu ochepa kwambiri, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inawachepetsanso. Agalu apachibale anakhala akuswanitsidwa okhaokha kwa mibadwo yambiri, osankhawo akuyang'ana nkhope ndi ubweya. Matenda amene anali m'magazi a agalu oyambawo anafalikira mumtundu wonse.

FUNSO. Bambo wina wa ku Nchalo walemba kuti: "Galu wathu ndi wa zaka zisanu ndi chimodzi. Masiku ano akutsokomola usiku, ndipo tikayenda pang'ono akumakhala pansi. Anzanga akuti ndi chimfine. Ndimupatse panado?"

YANKHO. Panado asamupatse. Mankhwala opha ululu a anthu, monga panado ndi bulufeni, amawononga chiwindi, impso ndi m'mimba mwa galu akaperekedwa mongoyerekeza, ndipo kwa kagalu ka makilogalamu 7 muyeso wochepa ndi wokwanira kuchita ngozi.

Zimene bamboyu wafotokoza zikufanana ndi matenda a mtima amene ali vuto lalikulu la mtunduwu, ngakhale kuti wotsimikiza ndi dokotala wa ziweto yekha atamupima. Kumanzere kwa mtima kuli zipinda ziwiri, ndipo pakati pake pali kachitseko kamene kamalola magazi kupita kutsogolo kokha. Mwa agaluwa kachitsekoka kamafooka msanga n'kuyamba kudontha, monga mjigo umene labala yake yatha, woti munthu amapopa kwambiri koma madzi ena akubwerera pansi. Mtima umagwira ntchito yowirikiza, umakula, ndipo kenako madzi amayamba kudzaza m'mapapo. Agalu a mitundu ina amadwalanso chonchi akakalamba, koma Cavalier amayamba adakali ndi mphamvu. Ambiri amakhala atayamba pofika zaka zisanu, ndipo ndi ochepa amene amafika zaka 10 mtima uli wabwinobwino.

Dokotala amamva phokoso la kudonthako ndi chipangizo chomvetsera pamtima zizindikiro zisanaoneke, n'chifukwa chake galu wotere ayenera kupimidwa chaka chilichonse. Pakhomo pali njira yosavuta yomuyang'anira: galuyo akagona tulo, munthu awerenge kuti chifuwa chikukwera kangati pa mphindi imodzi. Kukapitirira 30 mobwerezabwereza, ndiye kuti ulendo wa kwa dokotala usachedwe. Zizindikiro zina ndi kutupa mimba, kukomoka, ndi nkhama zotuwa. Matendawa sachira, koma mankhwala monga pimobendan wothandiza mtima kupopa ndi furosemide wochotsa madzi m'mapapo amatalikitsa moyo. Ndi omwa tsiku ndi tsiku mpaka galuyo kufa, ndipo mtengo wake si wamasewera. Kunenepa kumawonjezera katundu pa mtima, ndipo chakudya chamchere wambiri sichoyenera.

FUNSO. Mtsikana wina wa ku Misomali akuti kagalu ka azakhali ake kamadzikanda pakhosi kakuyenda, mwendo osakhudza n'komwe khungu, ndipo kamalira kakanyamulidwa. Utitiri anaufufuza koma sanaupeze.

YANKHO. Poyamba ayang'ane m'makutu. Makutu olendewera salowa mphepo, amasunga chinyezi, ndipo amachita mafinya kawirikawiri. Khutu lodwala limanunkha ndipo galu amapukusa mutu. Ngati m'makutu muli bwino, kukanda m'malere koteroko kumaloza ku matenda otchedwa syringomyelia. Chigaza cha agaluwa n'chopanikizika kumbuyo, moti ubongo umatsekereza njira ya madzi amene amayenda pakati pa ubongo ndi msana. Madziwo amapanga timatumba m'kati mwa mtsempha waukulu wa msana, ndipo galu amamva kuyabwa, kuwotcha kapena ululu m'khosi ndi m'mapewa. Ena amakhala nawo osaonetsa chilichonse, ena amavutika koopsa. Kutsimikiza kumafuna makina a MRI, koma dokotala angathe kuyamba mankhwala ochepetsa ululu potengera zizindikiro. Galu wotere asamangidwe chingwe m'khosi. Chomangira chizidutsa pachifuwa, ndipo mbale yake iikidwe pamalo okwererapo kuti asamawerame kwambiri.

Vutoli linadziwika kwa anthu ambiri mu 2008, pamene BBC inaonetsa filimu yotchedwa Pedigree Dogs Exposed. Mu 2023 khoti lalikulu la ku Norway linagamula kuti kuswanitsa agalu a Cavalier okhaokha n'kuphwanya lamulo loteteza zinyama la dzikolo, chifukwa cha kuchuluka kwa matenda akumtundu.

FUNSO. Omvera angapo afunsa funso limodzi: kodi galu wa ubweya wotere angakhale m'kutentha kwa kuno kuchigwa?

YANKHO. Angakhale, koma movutikira, ndipo pokhapokha mwini wake atadzipereka. Ku Chikwawa ndi Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu. Amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu lilime lili kunja, ndipo amene ali ndi mphuno yofupikirapo, ubweya wambiri ndi mtima wofooka njira imeneyi siimukwanira. Thupi la galu limakhala pa madigiri 38 mpaka 39. Likadutsa 41, ziwalo za m'kati zimayamba kuwonongeka.

Madzi akumwa asamathe m'mbale, ndipo mbaleyo izikhala pamthunzi. Koyenda kukhale m'mamawa kapena dzuwa litalowa. Mchenga umene ukuwotcha kuseri kwa dzanja la munthu umawotchanso mapazi a galu. Nyumba yamalata yotseka mawindo masana ndi yoopsa, chimodzimodzinso galimoto yotseka magalasi. Pansi pa mtengo kapena pakhonde pamene pawazidwa madzi ndi pabwino. Ubweya ungachepetsedwe, makamaka kumimba ndi pakati pa zala, koma kumeta mpala kumasiya khungu pa dzuwa. Galu akayamba kudzandira, kutuluka dovu lambiri, kusanza kapena nkhama kufiira kwambiri, athiridwe madzi ozizira thupi lonse nthawi yomweyo, makamaka kumimba ndi m'khwapa, ndi kumukupiza, kenako n'kuthamanga naye kwa odziwa. Kumufunditsa nsalu yonyowa n'kuisiya pomwepo kumasunga kutentha.

Wofuna kagaluka aganizirenso za mtunda. Mlangizi wa ziweto wa m'dera amathandiza pa katemera, njoka za m'mimba ndi nkhupakupa, koma matenda a mtima ndi a msana amafuna zipatala za ziweto za ku Blantyre. Kuchoka kwa Chapananga ndi ulendo wautali, ndipo nthawi ya dzinja msewu umatha kuduka, monga zinachitikira mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Mwanza.

FUNSO. Mlimi wa thonje wa ku Changoima akufunsa ngati mankhwala opopera thonje angaphe nkhupakupa pa galu, ndiponso ngati nsima yokha ndi yokwanira.

YANKHO. Mankhwala a thonje amapha nkhupakupa, ndipo amaphanso galu. Amalowa kudzera pakhungu, ndipo galu amadzinyambita. Dibi wa ng'ombe wosungunulidwa mwa muyeso wa ng'ombe nayenso ndi woopsa kwa ana agalu ndi tiagalu tating'ono. Oyilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka pa mphere ndi poizoni. Mankhwala oyenera ndi olembedwa kuti ndi a agalu, operekedwa molingana ndi kulemera kwake. Nkhupakupa si zongoyamwa magazi, zimafalitsanso matenda owononga magazi: galu amatentha thupi, amakana kudya, nkhama zimayera kapena kuchita chikasu, ndipo mkodzo umada. Akafulumira naye amachira. Mwa galu wa ubweya wautali nkhupakupa zimabisala m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo chisoso chimamatirira mpaka ubweya kupotana, choncho kupesa ndi kwa tsiku ndi tsiku. Nthawi ya mvula, pogona pa galu pazikhala pouma, chifukwa ntchentche zina zimaikira mazira pa dothi lonyowa ndi mkodzo, ndipo mphutsi zake zimaboola khungu.

Nsima ya chimanga kapena ya mapira imapereka mphamvu koma siimanga thupi. Pamafunika usipa kapena matemba osinja opanda mchere wambiri, dzira lophika, nyama pang'ono ndi masamba ophika. Minga ya makakana ndi mafupa ankhuku ophika zimabaya kukhosi ndi m'matumbo. Anyezi ndi chokoleti ndi zoipa kwa galu. Tameki wothirira makoswe asaikidwe pamene galu angafike. Mankhwala a njoka za m'mimba aziperekedwa miyezi itatu iliyonse, ndipo ana agalu amafunika pafupipafupi kuposa apo.

FUNSO. Gogo wina wa kwa Chapananga walemba kuti: "Mdzukulu wanga anakandidwa ndi dzino la mwana wa galu akusewera. Bala ndi laling'ono. Kodi tiagalu tating'ono timakhalanso ndi chiwewe?"

YANKHO. Timakhala nacho. Chiwewe sichisankha msinkhu kapena mtundu wa galu, ndipo bala laling'ono ndi lokwanira kuti kachirombo ka m'malovu kalowe. Gogoyu atengere mwanayo kuchipatala lero lomwe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri mwa iwo ku Africa ndi Asia. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, choyamba ndi kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Kuthira mchere, tsabola, kapena phulusa la ubweya wa galuyo sikupha kachiromboka. Kenako apite kuchipatala chapafupi, kumene angamutumize ku chipatala chachikulu cha Chikwawa ngati katemera palibe, ndipo amalize jakisoni zonse pa masiku amene auzidwa. Mlangizi wa ziweto adziwitsidwe. Galu amene waluma asaphedwe mothamanga ngati n'kotheka kumutsekera bwinobwino. Ayang'aniridwe masiku 10, koma wolumidwayo asadikire masiku amenewo kuti ayambe katemera. Matendawa amabisala kwa masabata kapena miyezi, bala litapola kale, ndipo zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi ndi kubalalika, munthuyo sapulumuka.

Si galu aliyense wachiwewe amene amalusa. Wina amangofooka, chibwano chili pansi, dovu likutuluka, ndipo mwini wake amaganiza kuti fupa lamutsamwa n'kupisa dzanja m'kamwa. Kuteroko n'kudziika pa ngozi yaikulu.

Chitetezo chenicheni ndi katemera wa agalu, kuyambira ali ndi miyezi itatu ndiponso chaka ndi chaka. Agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa, matendawa amasiya kufala. Katemera wa agalu ambiri chotere anachitika ku Blantyre, kumene mu 2015 bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi boma linabaya agalu opitirira 35,000 m'masiku 20. Pa 28 Seputembala chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, koma mwini galu safunika kudikira tsikulo. Chiphaso cha katemera chizisungidwa bwino, chifukwa ndicho chimafunsidwa galu akaluma munthu.

FUNSO. Kalata yomaliza ndi ya mnyamata wa kufupi ndi nkhalango ya Majete. Akufuna kuswanitsa kagalu kakakazi ka mtunduwu ndi galu wake wachikuda kuti azigulitsa ana, ndipo akufunsa ngati zimenezi zingatukule mtundu wa agalu a m'mudzi.

YANKHO. Galu wachikuda safunika kutukulidwa ndi magazi akunja. Agalu a ubweya waufupi, miyendo yaitali ndi mchira wopindika amene ali m'midzi ya kuno ndi mbadwa za agalu amene anabwera ndi makolo olima ndi kusula zitsulo. Mafupa a agalu otere opezeka kufupi ndi mtsinje wa Limpopo ndi a cha m'ma 570 AD. M'zaka za m'ma 1990 ofufuza a ku South Africa, motsogozedwa ndi Johan Gallant, anawapatsa dzina lakuti Africanis. Sanasankhidwe potengera nkhope. Anapulumuka amene anapirira dzuwa, nkhupakupa ndi chakudya chochepa, n'chifukwa chake matenda akumtundu ndi ochepa mwa iwo. Chimene amasowa ndi katemera, mankhwala a njoka za m'mimba ndi chakudya chokwanira. Akapatsidwa zimenezi amakhala alonda abwino ndiponso okhulupirika kwa ana a pakhomo.

Kwa okhala m'mphepete mwa Majete, katemera ali ndi phindu linanso. Nkhalangoyi yakhala m'manja mwa African Parks kuyambira 2003, mikango inabwezeretsedwamo mu 2012, ndipo mimbulu mu 2021. Chiwewe ndi matenda a distemper amachoka kwa agalu a m'mudzi kupita ku zilombozi. Ku Serengeti, m'dziko la Tanzania, distemper anapha mikango pafupifupi 1,000 mu 1994.

Pa za kuswanitsako, ngozi yoyamba ili pa kagalu kakakaziko. Kakatenga bere la galu wamkulu, ana amatha kukula kuposa njira yobadwira, ndipo popanda opaleshoni mayi ndi ana omwe amafa. Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63, ndipo wamkazi amafuna mwamuna kawiri pa chaka. Nthawi imeneyo azitsekeredwa kwa masabata atatu. Pakati pa agalu oyendayenda palinso chotupa chopatsirana pokwerana, chimene chimatulutsa magazi kumaliseche. Chimachizika ndi jakisoni wa kwa dokotala wa ziweto. Ana a makolo osiyana mitundu nthawi zina amakhala olimbirapo, koma matenda a mtima ndi a chigaza angathe kuwatsatirabe. Oweta osamala salola Cavalier kubereka asanakwane zaka ziwiri ndi theka, ndipo amayamba atsimikiza kuti mtima wake ulibe phokoso ndiponso kuti makolo ake anafika zaka zisanu mitima ili bwino. Galu amene mbiri ya makolo ake siidziwika, kapena amene akuonetsa kale zizindikiro, ndi bwino afulidwe ngati ndi wamwamuna, kapena atsekedwe ndi opaleshoni ngati ndi wamkazi. Ntchito imeneyi imachitika kuzipatala za ziweto ndi ku mabungwe osamalira zinyama a BSPCA ku Blantyre ndi LSPCA ku Lilongwe.